Mmene thumba la msonkho linamangira mafumu a ku England

Tsiku lotsegulira Nyumba ya Malamulo ku London, mfumu imakhala pampando wake m'chipinda cha Lords, cha akuluakulu osasankhidwa ndi anthu, n'kutuma mthenga wotchedwa Black Rod kuti akaitane aphungu osankhidwa ndi anthu a m'chipinda cha Commons. Mthengayo akangoyandikira, chitseko amachimenyetsa pamaso pake. Amagogoda katatu ndi ndodo yake yakuda, m'pamene amamutsegulira. Mfumu yomaliza kulowa m'chipindacho aphungu ali pa zokambirana ndi Charles I, pa 4 Januwale 1642, ndipo inabwera ndi anthu onyamula zida mazana angapo kudzagwira aphungu asanu. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, mutu wake unadulidwa pagulu.

Ambiri akamafotokoza nkhaniyi amathamangira kutchula zikalata zotchuka monga Magna Carta ndi Bill of Rights, ngati kuti mafumu ankasayina n'kusintha mtima. Sizinali choncho. Pafupifupi chikalata chilichonse chotere chinaswedwa ndi mfumu imene inachivomereza kapena mwana wake. Chimene chinagwira ntchito ndi thumba. Mfumu ikakhala ndi ndalama zokwanira inkatha zaka zambiri osaitana aphungu, ndipo palibe amene akanaikakamiza. Ikasowa ndalama inkawaitana yokha, pajatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Poyambira ndi kudziwa kumene ndalama za mfumu zinkachokera. Mwambo wakale unkati mfumu izidzidyetsa yokha: lendi ya minda yachifumu, chindapusa cha m'makhoti, msonkho wa katundu wodutsa pamadoko, komanso zimene eni malo akuluakulu ankapereka monga anthu okhala pansi pake. Mwachitsanzo, mwinimalo akamwalira kusiya mwana wamng'ono, mfumu inkatenga phindu la malowo mpaka mwanayo atakula, kapena kugulitsa udindo wolera mwanayo kwa aliyense wopereka ndalama zambiri. Izi zinkakwanira pa nthawi ya mtendere. Nkhondo ikabuka pankafunika msonkho wapadera wochokera m'matumba a anthu, ndipo apa mfumu inali yofooka chifukwa inalibe apolisi, inalibenso antchito aboma olipidwa m'maboma. Owerengera chuma cha anthu ndi kutolera msonkho anali eni malo omwewo, ogwira ntchitoyo popanda malipiro. Iwo akakana, palibe khobidi limene linkafika ku London. Kupempha chilolezo chawo sikunali ulemu chabe, inali njira yokhayo yopezera ndalamazo.

Mfumu John ndi imene inakoka chingwe mpaka kuduka. Italandidwa dera la Normandy ku France mu 1204, inafinya eni malo kuti ipeze ndalama zokalilanditsira, moti msonkho wolowa m'malo mwa kupita kunkhondo inautolera kokwana 11 mu ulamuliro wake. Zonsezo zinathera pa kugonja kwa ku Bouvines mu 1214. Eni malo anagalukira, nalanda London, ndipo mu Juni 1215 pa dambo la Runnymede John anavomera Magna Carta. Ndime 12 inati msonkho wapadera usatoleredwe popanda upo wa dziko. Ndime 39 inati mfulu asagwidwe kapena kutsekeredwa popanda chiweruzo cha anzake kapena lamulo la dziko. Pasanathe miyezi itatu Papa Innocent III analengeza kuti chikalatacho n'chopanda mphamvu, ndipo nkhondo inayambiranso. Chinapulumuka chifukwa John anamwalira mu 1216 kusiya mwana wa zaka 9, Henry III, amene omuyang'anira anachitulutsanso pofuna kukopa ogalukira aja, ngakhale ndime ya msonkho anaichotsamo. Mu 1225 chinatulutsidwanso posinthana ndi msonkho. Kusinthana kumeneko, ufulu mbali ino ndalama mbali inayo, ndiye kunakhala chizolowezi cha zaka 400 zotsatira.

Nyumba ya Malamulo inakula pang'onopang'ono m'chizolowezi chomwechi. Mu 1265 Simon de Montfort, atagwira mfumu Henry III ukaidi, anaitana nthumwi ziwiri kuchokera m'boma lililonse ndi ziwiri kuchokera m'matauni ena. Iye anaphedwa chaka chomwecho ku Evesham, koma Edward I, mwana wa Henry yemwe anamugonjetsayo, anaona kuti njirayo ndi yothandiza potolera msonkho, naigwiritsa ntchito mu 1295. Nkhondo zosatha za Edward III ku France kuyambira 1337 zinachititsa kuti aphungu aziitanidwa pafupipafupi, ndipo anaphunzira kunena kuti madandaulo poyamba, ndalama pambuyo. Amene akukumbukira mmene aphungu otsutsa ku Malawi anagwirira bajeti mu 2007 ndi 2008 pofuna kuti nkhani ya Gawo 65 iyambe yakambidwa akudziwa kale mmene chida chimenechi chimagwirira ntchito, pakuti nyumba yathu inatengera malamulo ake a kayendetsedwe ku Westminster komweko, kumene kuli Nyumba ya Malamulo ya ku London. Mu 1376 aphungu anaimba mlandu nduna za mfumu kwa nthawi yoyamba, ndipo mu 1407 Henry IV anavomereza kuti nkhani ya msonkho iziyambira ku Commons.

Komabe nyumbayi inali ya mfumu. Inkakumana mfumu ikaitana, n'kubalalika mfumu ikanena. Henry VIII anaikweza osafuna pamene anaigwiritsa ntchito pochotsa mpingo wa ku England m'manja mwa Papa mu 1534: ngati lamulo la aphungu likhoza kusintha chipembedzo cha dziko, n'chiyani chimene silingasinthe? Koma iye ndi mwana wake Elizabeth I ankadziwa kuwanyengerera aphungu, ndipo Elizabeth ankawaitana mwa apo ndi apo pa zaka 44 zimene analamulira.

Thumba lobooka la banja la Stuart

James VI wa ku Scotland, wa banja la Stuart, atalowa ufumu wa England mu 1603 monga James I, anapeza thumba likudontha. Mitengo ya zinthu inali itakwera kwambiri m'zaka 100 zapitazo pamene lendi ya minda yachifumu inali pomwepo, ndipo minda yambiri inali itagulitsidwa kale. Msonkho wa aphungu nawo unkafota. Poti eni malo ankawerengerana okha chuma, aliyense ankalembetsa chochepa, moti gawo limodzi la msonkhowo, limene pakati pa ulamuliro wa Elizabeth linkabweretsa mapaundi pafupifupi 130,000, linatsika kufika pa 70,000 mu 1621 ndi 55,000 mu 1628. Aphungu ankaona ngati apereka zambiri pamene mfumu inkalandira zoperewera. Apa mlandu suli mbali imodzi. James analidi wosakaza chuma ndi wokonda kuphunzitsa anthu kuti mafumu amayankha kwa Mulungu yekha, koma aphungu nawo sankafuna kuvomereza mtengo weniweni woyendetsera boma. Mu 1610 panali mwayi wokonza zinthu: mfumu isiye ndalama zakale zija monga za ana amasiye, aphungu aziipatsa mapaundi 200,000 pachaka. Mbali zonse zinabwerera m'mbuyo. Chaka chomwecho woweruza Edward Coke anagamula kuti mfumu ilibe mphamvu ina kupatula imene lamulo la dziko laipatsa, ndipo mu 1616 anachotsedwa pampando wake.

Charles I, mwana wa James, analowa ufumu mu 1625, chaka chimene analowanso m'nkhondo ndi Spain ndi kukwatira Mkatolika wa ku France, Henrietta Maria, uku akudalira mnzake Buckingham amene aphungu sankafuna n'kumuona komwe. Msonkho wa pamadoko, umene mafumu am'mbuyo ankapatsidwa kwa moyo wawo wonse, a Commons anati amupatsa kwa chaka chimodzi chokha. Iye anangopitiriza kutolera. Kenako analamula anthu kuti amubwereke ndalama mokakamiza, ndipo okana oposa 70 anatsekeredwa. Asanu mwa iwo anapita kukhoti mu 1627 kufunsa chifukwa chowatsekera, nayankhidwa kuti n'chifukwa cha lamulo lapadera la mfumu, basi. Oweruza anawabwezera m'ndende. Poyankha, aphungu analemba Petition of Right mu 1628, yoletsa msonkho kapena ngongole yokakamiza popanda iwo, kutsekera munthu osatchula mlandu, kugoneka asilikali m'nyumba za anthu mokakamiza, ndi kuweruza anthu wamba ndi malamulo a usilikali. Charles anavomera chifukwa ankafuna ndalama zimene anamulonjeza. Atalandira, anapitiriza kutolera msonkho wa pamadoko ponena kuti chikalatacho sichinakhudze zimenezo. Pa 2 Malichi 1629, sipikala John Finch atafuna kuimirira kuti atseke zokambirana molamulidwa ndi mfumu, aphungu awiri anamukanikizira pampando mpaka ziganizo zotsutsa mfumu zitawerengedwa. Charles anathetsa nyumbayo, ndipo kwa zaka 11 sanaitanenso.

Zaka 11 zimenezi ndizo zimaonetsa bwino mmene zinthu zinkayendera. Charles anathetsa nkhondo ndi France ndi Spain kuti achepetse zowononga, kenako akadaulo ake a malamulo anafukula malamulo akale oiwalika. Aliyense wokhala ndi malo obweretsa mapaundi 40 pachaka amene sanabwere kudzalandira udindo wa usilikali wachifumu pa tsiku lolonga mfumu analipitsidwa chindapusa. Malire a nkhalango zachifumu anabwezeredwa pamene anali zaka mazana apitawo, ndipo anthu okhala m'katimo analipitsidwa. Ufulu wopanga ndi kugulitsa sopo unagulitsidwa kwa kampani imodzi. Koma chachikulu chinali msonkho wa zombo. Kale matauni a m'mbali mwa nyanja ankapereka zombo pa nthawi ya nkhondo. Mu 1634 Charles anawapempha ndalama m'malo mwa zombo, ndipo mu 1635 anafalitsa msonkhowo m'dziko lonse, kuphatikizapo maboma akutali ndi nyanja, dziko lili pa mtendere. Kalata inkapita kwa mkulu wa boma lililonse itatchula ndalama zonse zofunika. Iye ankazigawa kwa midzi, akuluakulu a m'midzi n'kugawira mabanja, ndipo wokana ankalandidwa ng'ombe kapena katundu wam'nyumba. Zikaperewera, mkulu wa bomayo ankayankha yekha. Njirayi inkabweretsa pafupifupi mapaundi 200,000 pachaka, ndipo m'zaka zoyamba pafupifupi zonse zinkatoleredwa.

John Hampden wa ku Buckinghamshire, munthu wolemera kwambiri, anakana kulipira masheleni 20 okha. Mlandu wake unamvedwa ndi oweruza onse 12, ndipo mu 1638 asanu ndi awiri anaikira kumbuyo mfumu, asanu anaikira kumbuyo Hampden. Mfumu inapambana, koma chigamulocho chinanena poyera zimene anthu ankaopa: kuti mfumu yokha ndi imene ingaweruze ngati dziko lili pangozi, ndipo ikatero ikhoza kutenga chuma cha munthu. Ngati zili choncho, aphungu alibenso ntchito.

Dongosololi likanapitirira chikhala kuti Charles anapewa nkhondo. Chinamugwetsa ndi chipembedzo. Iye ndi William Laud, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, ankakonza mpingo m'njira imene Apulotesitanti ambiri ankaiona ngati kubwerera ku Rome, ndipo otsutsa monga William Prynne anadulidwa makutu mwa chigamulo cha khoti la Star Chamber. Mu Julayi 1637 anakakamiza buku latsopano la mapemphero ku Scotland. Chipolowe chinayambira m'tchalitchi cha St Giles ku Edinburgh, anthu anasayina pangano lokana mu 1638, ndipo mu 1640 gulu lankhondo la ku Scotland linagonjetsa asilikali a mfumu ku Newburn n'kulanda Newcastle. Pangano la ku Ripon linati mfumu iziwalipira mapaundi 850 tsiku lililonse mpaka nkhani itatha. Msonkho wa zombo unali utasiya kutoleredwa chifukwa akuluakulu a m'midzi anangoleka. Pa 3 Novembala 1640 aphungu anakumana, ndipo mfumu sikanatha kuwabalalitsa chifukwa ngongole ya tsiku ndi tsiku ija inali pakhosi.

M'miyezi yochepa, motsogozedwa ndi John Pym, anagwetsa zonse. Nduna yamphamvu, Strafford, inaphedwa mu Meyi 1641 mfumu itasayina yokha. Star Chamber inathetsedwa, msonkho wa zombo unaletsedwa, panakhazikitsidwa lamulo loti aphungu azikumana pasanathe zaka zitatu, ndi lina loti nyumba imeneyo isathetsedwe popanda kuvomera kwake. Mpaka apa aphungu anali amodzi. Anagawanika pamene kuukira kunabuka ku Ireland mu Okutobala 1641, chifukwa panafunika gulu lankhondo, ndipo funso linali lakuti lidzamvera ndani. Pym ankaopa kuti mfumu ikapatsidwa asilikali idzayamba ndi iyeyo. Ena ankaona kuti kulanda mfumu asilikali ndi kusankha nduna zake n'kupitirira malire. Chikalata cha madandaulo otsutsa mfumu chinadutsa ndi mavoti 159 kwa 148 okha. Charles anali atayamba kupeza omutsatira, koma anaziwonongera yekha pa 4 Januwale 1642 polowa m'chipinda cha Commons kufuna Pym, Hampden, Denzil Holles, Arthur Haselrig ndi William Strode. Anapeza atathawa pa bwato. Atafunsa sipikala William Lenthall kumene ali, Lenthall anagwada n'kuyankha kuti alibe maso openyera kapena lilime lolankhulira m'malo amenewo kupatula monga nyumbayo yamulamulira. Kuyambira pamenepo sipikala ndi wantchito wa aphungu, osati wa mfumu.

Nkhondo inayamba mu Ogasiti 1642. Aphungu anapambana makamaka chifukwa anali ndi London, madoko ndi zombo, komanso chifukwa anakhazikitsa misonkho yolemera kuposa uliwonse umene Charles anayesapo: msonkho wa pa mowa, nyama ndi mchere, ndi wina wa pamwezi pa boma lililonse. Ndi ndalama zimenezi anamanga gulu lankhondo latsopano limene linaphwanya la mfumu ku Naseby mu Juni 1645. Charles, ali m'manja mwa adani ake, anapitiriza kuwadyetsa njomba powayambanitsa mpaka nkhondo inabukanso mu 1648. Asilikali anatopa naye. Pa 6 Disembala 1648 Colonel Thomas Pride anaima pakhomo la nyumba ndi mndandanda wa mayina, kubweza ndi kumanga aphungu ofuna kugwirizana ndi mfumu. Otsalawo ndi amene anakhazikitsa khoti loweruza mfumu. Charles anakana kuyankha mlandu, akufunsa kuti khotilo lapatsidwa mphamvu ndi ndani, ndipo mwa lamulo la nthawiyo funso lake linalibe yankho. Anthu 59 anasayina chigamulo, ndipo Charles anaphedwa pa 30 Januwale 1649 kunja kwa Banqueting House ku Whitehall.

Kupha mfumu sikunabweretse ulamuliro wa aphungu. Kunabweretsa ulamuliro wa asilikali. Mkulu wa asilikali, Oliver Cromwell, anathira magazi ku Ireland, anathamangitsa aphungu otsala aja ndi mfuti mu Epulo 1653, anatolera msonkho popanda chilolezo chawo, ndipo kwa kanthawi anagawa dziko kwa akuluakulu a asilikali. Atamwalira mu 1658 zonse zinagwa, ndipo mu Meyi 1660 Charles II, mwana wa mfumu yophedwa ija, anabwerera ku London anthu akuvina m'misewu. Angelezi anatulukamo ndi mantha awiri: mfumu yopanda malire, ndi gulu lankhondo lokhazikika.

Cholakwika cha 1685 ndi mmene chinakonzedwera

Ufumu unabwerera wopanda Star Chamber ndi msonkho wa zombo, koma mfumu inasungabe asilikali, kusankha nduna, nkhani zakunja, ndi mphamvu yoitana kapena kubalalitsa aphungu. Aphungu analonjeza Charles II mapaundi 1.2 miliyoni pachaka, zimene poyamba sizinkakwana, ndiye ankawaitana. Anamukakamiza kuchotsa Akatolika m'maudindo mu 1673, ndipo mu 1679 anakhwimitsa lamulo loti womangidwa aonekere kwa woweruza m'masiku owerengeka. Koma atafuna kuletsa mng'ono wake James, Mkatolika, kulowa ufumu, mkangano umene unabala zipani za Whig ndi Tory, Charles anawabalalitsa mu 1681 osawaitananso mpaka imfa yake. Anatha kutero chifukwa malonda anali atakula, msonkho wa pamadoko unkabweretsa zambiri, ndipo Louis XIV wa ku France ankamupatsa ndalama mwachinsinsi.

James II atalowa mu 1685, aphungu anamupatsa misonkho ikuluikulu kwa moyo wake wonse, ndipo pamodzi ndi ina yowonjezera inkafika pafupifupi mapaundi 2 miliyoni pachaka. Mu Novembala chaka chomwecho anawatumiza kwawo ndipo sanakumanenso. Anakulitsa gulu lankhondo, naika Akatolika m'maudindo ake ponena kuti mfumu ikhoza kumasula munthu ku lamulo. Anachotsa oweruza osagwirizana naye mlandu woyesa nkhaniyi usanazengedwe mu 1686, ndipo otsalawo anamuvomereza. Kenako anaimitsa malamulo onse olanga anthu a mipingo ina. Kunena chilungamo, ufulu wa chipembedzo umene ankafunawo unali wabwino kuposa tsankho la omutsutsa. Vuto linali njira yake: mfumu yokhoza kuimitsa lamulo loipa ndi cholembera chake ikhozanso kuimitsa labwino. Mabishopu asanu ndi awiri amene anapempha kuti asakakamizidwe kuwerenga chilengezo chake m'matchalitchi anazengedwa mlandu, ndipo anamasulidwa pa 30 Juni 1688. Masiku 20 m'mbuyomo James anali atabereka mwana wamwamuna, kutanthauza kuti mzere wa mafumu Achikatolika upitirira. Tsiku lomwe mabishopu anamasulidwa, akuluakulu asanu ndi awiri analembera William wa ku Orange, mtsogoleri wa ku Netherlands ndi mwamuna wa Mary, mwana wamkazi wa James, kuti abwere ndi asilikali.

William anakocheza ku Torbay pa 5 Novembala 1688 ndi zombo mazana angapo. Akuluakulu a asilikali a James, kuphatikizapo John Churchill, anamuthawa, ndipo James anataya chidindo chachifumu mumtsinje wa Thames n'kuthawira ku France. Msonkhano wa aphungu unagamula kuti mpando uli wopanda munthu, ndipo pa 13 Febuluwale 1689 unaupereka kwa William ndi Mary atawawerengera kaye chikalata cha maufulu, chimene mu Disembala chinakhala lamulo la Bill of Rights. Chinati mfumu singaimitse lamulo, singatolere ndalama popanda aphungu, singasunge gulu lankhondo pa nthawi ya mtendere popanda chilolezo chawo, zisankho zikhale zaufulu, zolankhula m'nyumba zisaimbidwe mlandu kukhoti, ndipo aphungu azikumana pafupipafupi.

Mawu akuti pafupipafupi sanatchule nambala, ndipo chikalatacho chinalibe chilango kwa mfumu yochiswa. Chikanatha kuthera m'kabati ngati Petition of Right. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno aphungu anali ataphunzira pa cholakwa cha 1685. Msonkho wa pamadoko anamupatsa William kwa zaka zinayi zokha mu 1690, dala, kuti azibwerera. William anabwera ku England n'cholinga chachikulu cholowetsa dzikolo pa nkhondo yake ndi Louis XIV, ndipo nkhondoyo, kuyambira 1689 mpaka 1697, inkadya mapaundi oposa 5 miliyoni pachaka. Msonkho wa malo, masheleni anayi pa paundi iliyonse ya lendi, unkavomerezedwa chaka ndi chaka. Ndalama iliyonse inkalembedwa ntchito yake, ya zombo ku zombo, ya asilikali kwa asilikali, ndipo panakhazikitsidwa komiti ya aphungu yofufuza mabuku a boma. Asilikali ena atagalukira ku Ipswich mu 1689, aphungu anapereka mphamvu yolanga asilikali m'makhoti awoawo kwa miyezi yochepa chabe, ndipo lamulolo linkafunika kulikonzanso nthawi ndi nthawi. Popanda ilo, msilikali wothawa sakanalangidwa moyenera, ndipo gulu lankhondo likanasungunuka. Zotsatira zake, kuyambira 1689 mpaka lero palibe chaka chimene Nyumba ya Malamulo sinakumane.

Ngongole inamaliza ntchitoyo. Mu 1672 Charles II anangoimitsa kubweza ngongole zake, ndipo osula golide ena amene anamubwereka anagwa. Mu 1694 Bank of England inakhazikitsidwa pobwereka boma mapaundi 1.2 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 8 pa 100 iliyonse, ndipo chikole sichinali mawu a mfumu koma msonkho wotchulidwa m'lamulo la aphungu. Ngongole ya mfumu inasanduka ngongole ya dziko. Aliyense woikamo ndalama anakhala ndi chifukwa chofunira kuti aphungu azikumana ndi kuti James asabwerere. Boma linapeza ndalama zochuluka kuposa zimene Charles I ankalota, koma zosagwiritsika ntchito popanda aphungu.

William sanagonje mosavuta. Anakana kusayina mabilu asanu, kuphatikizapo yoti zisankho zizichitika zaka zitatu zilizonse, imene anaivomera mu 1694 atapanikizika ndi ndalama. Nkhondo itatha aphungu anadula gulu lankhondo kufika pa 7,000 ndi kubweza kwawo asilikali ake a ku Netherlands omulondera, ndipo anakwiya mpaka kulemba mawu otula pansi ufumu, ngakhale sanawalankhule. Aphungu anamuikira mapaundi 700,000 pachaka oyendetsera nyumba yachifumu ndi malipiro a antchito aboma, kulekanitsa ndi ndalama za nkhondo. Lamulo la 1701, Act of Settlement, linadumpha abale ambiri Achikatolika n'kupereka ufumu kwa Sophia wa ku Hanover, Mpulotesitanti, ndi ana ake, ndipo linati woweruza asachotsedwe pokhapokha zipinda zonse ziwiri zitapempha. Apa zinaonekeratu kuti wosankha mfumu ndi lamulo.

Tisalakwitse n'kuutcha ulamuliro wa anthu onse. Ovota anali amuna okhala ndi malo kapena ufulu wapadera m'matauni, gawo laling'ono la anthu. Mawu a Thomas Rainsborough pa zokambirana za asilikali ku Putney mu 1647, akuti wosaukitsitsa wa ku England ali ndi moyo woti akhale monga wolemeretsetsa, anakanidwa ndi Cromwell yemwe, ndipo anadikira zaka zoposa 250. Akazi anayamba kuvota mu 1918. Akatolika sanaloledwe kukhala aphungu mpaka 1829, ndipo ku Ireland kusinthaku kunabwera ndi nkhondo ya ku Boyne mu 1690 ndi kulandidwa kwa malo. Kwa ife a ku Africa pali chinanso chowawa: James II anali mkulu wa Royal African Company, kampani yogulitsa akapolo, ndipo aphungu opambanawo sanathetse malondawo koma anawatsegulira amalonda ena onse mu 1698. Ufulu umene ankatetezawo unali wa eni chuma, ndipo anthu ogwidwa ku gombe la kumadzulo kwa Africa ankawerengedwa m'gulu la chumacho.

Zotsala zinachitika popanda lamulo lolembedwa. Mfumukazi Anne ndi womaliza kukana kusayina bilu, mu 1708. Poti ndalama zinkadutsa ku Commons chaka chilichonse, mfumu inafunika nduna yokhoza kusonkhanitsa mavoti kumeneko, ndipo Robert Walpole, amene anagwira ntchitoyi kuyambira 1721 mpaka 1742, amatengedwa ngati nduna yaikulu yoyamba. Mu 1834 William IV anachotsa boma la nduna yaikulu Lord Melbourne n'kuika Robert Peel, koma Peel analephera kupeza aphungu okwanira, ndipo mu Epulo 1835 Melbourne anabwerera. Palibenso mfumu imene inayesa zimenezo. Dongosolo lotereli ndi limene Malawi inakhala nalo kuyambira 1964 mpaka 1966, Elizabeth II ali mutu wa dziko kudzera mwa Glyn Jones, boma lili m'manja mwa nduna yaikulu Dr Banda.

Zingwe zakalezo zikugwirabe. Mu Seputembala 2019 khoti lalikulu la United Kingdom linagamula kuti malangizo a nduna yaikulu otseka nyumba kwa masabata asanu anali osemphana ndi lamulo, ndipo linatchula chigamulo cha Coke cha 1610. Msonkho wa pa malipiro umayenera kuvomerezedwanso chaka chilichonse. Lamulo losunga mwambo wa asilikali limakonzedwanso zaka zisanu zilizonse, ndipo pakati pake aphungu amalivomereza chaka ndi chaka. Bilu yopereka ndalama ku boma ikamavomerezedwa pamwambo m'chipinda cha Lords, kalaliki amayankha m'malo mwa mfumu m'Chifalansa chakale cha ku Normandy, kuti mfumu ikuthokoza anthu ake abwino, yalandira mphatso yawo, ndipo yafuna kuti zitero.